Mpanda wa aneba wagwera mwana: kodi mvula ndiyo iyankhe mlandu?

Mayi wina wa ku Area 36 mu mzinda wa Lilongwe wafunsa motere: "M'mwezi wa Januwale mpanda wa njerwa wa aneba athu unagwera kumbali kwathu mvula itangokata. Unaphwanya khitchini yathu ya panja pamodzi ndi katundu wa geni yanga, ndipo unathyola mwendo wa mwana wanga wa zaka 6 yemwe amasewera chapafupi. Mpandawo unali ndi mng'alu kuyambira chaka chatha ndipo tinawachenjeza kawiri. Okhala m'nyumbayo ndi alendi, eni ake amakhala kwina. Ku polisi anatiuza kuti imeneyi si nkhani yawo. Alandilodiwo anabwera kudzazonda mwana n'kutisiyira kangachepe ka chipepeso, koma akuti sangalipe china chilichonse chifukwa chagwetsa mpanda ndi mvula. Kodi lamulo likuti chiyani?"

Mayi, pepani ndi zomwe zinakugwerani, ndipo ndikhulupirira kuti mwanayo akupezako bwino. Ndiyambe ndi apolisi, chifukwa anthu ambiri akabwezedwa kumeneko amabwerera kunyumba atataya mtima, poganiza kuti basi mlandu palibe. Apolisiwo sanakunamizeni, kungoti sanamalize kukufotokozerani. Pali milandu ya upandu, yomwe boma ndilo limazenga munthu pofuna kumulanga ndi ndende kapena faindi, ndipo faindiyo imalowa m'thumba la boma. Palinso milandu ya pakati pa munthu ndi mnzake, yomwe kukhoti amaitcha ya civil, ndipo mmenemo funso lalikulu silikhala lakuti alangidwe ndani, koma lakuti munthu wavulala, katundu wawonongeka, nanga chimtolo chimenechi asenze ndani, wovulalayo kapena amene anachititsa. Nkhani yanu ili m'gulu lachiwirili, ndipo woiyendetsa ndinu nomwe, pakuti boma silidzasuma m'malo mwanu. Muyeso wa umboni nawonso ndi wosiyana. Pa mlandu wa upandu woweruza ayenera kukhutira popanda chikaiko chomveka, pamene pa mlandu ngati wanuwu n'kokwanira kuonetsa kuti zomwe mukunenazo n'zokhulupirika kuposa zomwe ikunena mbali inayo.

Gawo la malamulo lomwe limaona za munthu wolakwira mnzake pamene panalibe mgwirizano uliwonse pakati pawo limatchedwa tort. Mawuwa anadzera ku Chifalansa kuchokera ku mawu a Chilatini otanthauza chinthu chopotoka, ndipo mkati mwake muli zambiri, monga kumenya munthu, kumutsekera popanda chifukwa chovomerezeka, kumuipitsira mbiri, kulowa pamalo pake popanda chilolezo, kumusowetsa mtendere ndi utsi, phokoso kapena madzi oipa, komanso kumuvulaza chifukwa cha kusasamala. Dzinalo ndi lachilendo, koma ganizo lake tinabadwa nalo. Kumudzi ng'ombe zikalowa m'dimba la wina n'kudya mbewu, mfumu sifunsa ngati mwini ng'ombe anali pa chidani ndi mwini dimba, imafunsa kuti ng'ombezo ndi za yani, amaziweta ndani tsikulo, ndipo zawononga zochuluka bwanji. Makhoti athu amatsata mfundo za common law (malamulo ochokera m'zigamulo za oweruza) ya ku England, yomwe inalowa m'dziko muno kudzera mu British Central Africa Order in Council ya 1902, pamodzi ndi malamulo omwe Nyumba ya Malamulo yathu yakhala ikupanga. Choncho mukamva loya akutchula milandu yakale ya ku Britain musadabwe, oweruza athu amaitenga ngati chitsogozo, ngakhale kuti mawu omaliza ali ndi Supreme Court of Appeal yathu.

Njira yoyenera mlandu wanu ndi ya kusasamala, yomwe maloya amati negligence. Wodandaula amayenera kuonetsa kuti wodandaulidwayo anali ndi udindo wosamala kuti asamuvulaze, kuti udindowo sanaukwaniritse, kuti kulephera kwakeko ndi komwe kunabweretsa ngoziyo, ndiponso kuti pali chenicheni chomwe chawonongeka. Chimodzi mwa zinayizi chikasowa, mlandu wonse umagwa, ngakhale wodandaulayo akhale womvetsa chisoni chotani.

Za udindo sizidzakuvutani. Mfundo yake inakhazikika mu 1932 pa mlandu wa Donoghue v Stevenson. Mayi May Donoghue anamwa chakumwa cha jinja chomwe mnzawo anawagulira pamalo ena odyera ku Paisley m'dziko la Scotland, ndipo anadandaula kuti m'botolomo, lomwe silinkaonekera mkati, munatuluka nkhono yowola ndipo iwo anadwala. Popeza sanagule okha chakumwacho, analibe mgwirizano ndi wogulitsa kapena wopanga. Bwalo la House of Lords, lomwe pa nthawiyo linali khoti lalikulu kwambiri ku Britain, linagamula kuti wopangayo akhoza kusumiridwabe, ndipo mmodzi mwa oweruzawo, Lord Atkin, anafotokoza kuti munthu ayenera kusamala pa zomwe akuchita ndi zomwe wasiya kuchita ngati akutha kuoneratu kuti zingapweteke mnansi wake, ndipo mnansi m'lamulo ndi aliyense amene zochita zako zimamukhudza pafupi kwambiri moti uyenera kumuganizira. Iye ankanena za mnansi wongophiphiritsa. Inu ndinu anansi enieni, ogawana malire, ndipo palibe mwini mpanda amene anganene kuti sankadziwa kuti kuseri kwa mpanda wake kumakhala anthu.

Pomwe padzagone nkhani ndi pa mvulayo. Lamulo silifuna kuti mwini mpanda akhale mlosi. Limamuyeza ndi muyeso wa munthu wanzeru zake, wosamala monga achitira anthu ambiri, ndipo limafunsa kuti munthu wotere, ataona zomwe mwini mpandayu ankaona, akanachita chiyani. Poyankha funsoli khoti limaika pa sikelo kukula kwa chiopsezo, kuopsa kwa zomwe zingachitike, ndi mtengo wopewera ngoziyo. Mpanda wotalika kuposa munthu, wong'aluka, woyang'anizana ndi bwalo losewerapo ana, chiopsezo chake ndi imfa, pamene kuphwasula mizere ingapo ya njerwa za pamwamba kapena kuuchirikiza ndi mitengo podikira mmisiri ndi ntchito ya tsiku limodzi.

Chitetezo chomwe alandilodiwo akudalira chilipodi m'malamulo. Chimatchedwa act of God, kutanthauza mphamvu ya chilengedwe yomwe palibe munthu akanaiyembekezera kapena kuikonzekera, koma khomo lake ndi lopapatiza kwambiri. Pa mlandu wa Greenock Corporation v Caledonian Railway wa mu 1917, khonsolo ina ya ku Scotland inasokoneza njira ya mtsinje pomanga dziwe losewereramo ana, ndipo kutagwa chimvula chadzaoneni madzi anasefukira mu msewu n'kukawononga katundu wa kampani za njanji. Khonsoloyo inaloza kumwamba monga akuchitira alandilodi anuwa, koma House of Lords inakana, ponena kuti wosokoneza mtsinje ayenera kukonzekera ngakhale mvula yoposa muyeso. Kuno ku Lilongwe mvula imayamba cha mu Novembala n'kulekeza cha mu Epulo, ndipo Januwale ndi pakati penipeni pa dzinja. Mvula ya Januwale ndi mlendo yemwe aliyense amadziwa mwezi wobwera, ndipo mpanda umamangidwa kuti upirire mvula yotereyi. Zikanakhala zonga zomwe namondwe wa Freddy anachita mu Malichi 2023 ku Chilobwe mu mzinda wa Blantyre, pomwe matope ndi miyala zochokera m'phiri la Soche zinakokolola nyumba zolimba ndi zofooka zomwe, tikanalankhula zina. Ngati mipanda ina ya mu mzere wanuwo idakali chilili, funso lomwe ine ndingawafunse alandilodiwo pamaso pa woweruza ndi lapafupi: mvula yomweyo inagwa pa mipanda yonseyi, nanga bwanji unagwa ndi wanu wokha?

Palinso mfundo ya res ipsa loquitur, kutanthauza kuti chinthucho chikudzinenera chokha. Mu 1863, pa mlandu wa Byrne v Boadle, munthu wina ankadutsa mu msewu ku Liverpool pomwe mgolo wa ufa unagwa kuchokera pamwamba pa nyumba ya wogulitsa ufa n'kumuvulaza, ndipo khoti linati migolo sigwa yokha popanda wina kulekerera, choncho mwini malowo ndiye afotokoze chomwe chinachitika. Mfundoyi ingakuthandizeni, koma chida chanu chachikulu ndi mng'alu uja. Munthu amene wauzidwa kawiri kuti mpanda wake wang'aluka sangathenso kunena kuti ngozi inamudzidzimutsa. Apa ndiyenera kukufunsani mosapsatira: munauza ndani? Ngati munauza alendi okha, alandilodi adzanena kuti uthengawo sunawafike. Kumbukirani tsiku, amene analipo, komanso ngati pali uthenga wa pa foni kapena pa WhatsApp, usungeni ndipo muujambule pa pepala, chifukwa mafoni amabedwa ndiponso amafa. Ngakhale uthengawo usanawafike, lamulo limafunsanso ngati mwini nyumba anayenera kudziwa, ndipo mwini nyumba yemwe amalandira lendi mwezi ndi mwezi osayendera malo ake kwa chaka chathunthu sakhala ndi yankho labwino pa funsoli.

Ngati zigumukazo zidakalipo, musazichotse musanazijambule zithunzi. Tolani njerwa ziwiri zomwe zidakali zomatana muone chomwe chili pakati pake. Ngati ndi dothi lofumbutuka ndi chala, lopakidwa simenti kunja kokha kuti lioneke bwino, umenewo ndi umboni. Onani ngati mpandawo unali wa mzere umodzi wa njerwa popanda zipilala, ngati maziko ake anali akuya, ndiponso ngati m'munsi mwake munali mabowo otulutsa madzi. Mipanda yambiri yomwe imagwa mu mzinda muno imagwa chifukwa madzi a pa denga ndi a pabwalo amadikha kuseri kwake, dothi n'kufewa, mpanda n'kutsala wopanda popondera. Mmisiri wodziwa ntchito yake, kapena injiniya ngati mungakwanitse, akhoza kulemba zomwe waona n'kudzaikira umboni.

Tsopano woyenera kusumiridwa ndani? Lamulo limayamba kuyang'ana amene akukhala pamalopo ndi kuwalamulira, omwe pano ndi alendi. Koma mwini nyumba sathawa mlandu ngati vutolo linalipo kale pomwe amabwereketsa nyumbayo ndipo ankalidziwa kapena anayenera kulidziwa, kapenanso ngati udindo kapena ufulu wokonza zowonongeka uli m'manja mwake. Mlandu wa Mint v Good, wosindikizidwa mu 1951, ukufanana ndi wanu: mpanda wa nyumba ya lendi unagwera mnyamata yemwe ankadutsa m'njira, ndipo Court of Appeal ya ku England inapeza kuti mwini nyumbayo ndiye alipe, popeza pa lendi ya mtundu umenewo zinali zodziwikiratu kuti wokonza ndi iyeyo. Kusiyana kwake n'kwakuti mpanda umenewo unali m'mbali mwa njira ya anthu onse pamene wanuwu ndi wa m'malire, komabe ganizo lake likugwira. Tonse tikudziwa kuti kuno mlendi samanganso mpanda ndi ndalama yake, amauza alandilodi. Loya wosamala akhoza kuika onse awiri pa chisamani kuti khoti ligawe lokha udindo, makamaka ngati alendiwo anamva chenjezo lanu n'kukhala chete.

Alandilodi akhozanso kukankhira mlandu kwa mmisiri yemwe anamanga. N'zoona kuti bwana amayankha pa zolakwa zomwe wantchito wake wachita pogwira ntchito, pamene amene walemba kontrakitala wodziimira payekha nthawi zambiri sayankha pa zolakwa za kontrakitalayo. Koma zimenezi sizipulumutsa munthu yemwe anasankha yekha kumanga ndi dothi pofuna kupulumutsa simenti, kapena yemwe anaona mng'alu n'kuusiya chaka chonse, chifukwa kumeneko ndi kusasamala kwake kwa iye mwini.

Konzekeraninso kuti mbali inayo idzakutembenukirani n'kufunsa kuti ngati munkadziwa kuti mpandawo ndi woopsa, munalekereranji mwana kusewera pamenepo, ndipo munasungiranji katundu wa geni m'khitchini yoyandikana nawo. Malinga ndi Statute Law (Miscellaneous Provisions) Act, wodandaula yemwe anathandizira ngozi ndi kusasamala kwake sataya mlandu wonse, koma khoti limadula chipukuta misozi molingana ndi gawo lake. Kwa mwana wa zaka 6 mfundoyi ilibe mphamvu kwenikweni, pakuti mwana amayezedwa ndi muyeso wa ana a msinkhu wake, ndipo kusasamala kwa kholo sikuwerengedwa ngati kulakwa kwa mwanayo. Pa khitchini ndi katundu wa geni, zomwe ndi dandaulo lanu inuyo, ndikuuzeni zoona kuti khoti likhoza kudulako kena kake ngati litaona kuti munali ndi malo ena osungirapo. Ngati puloti ndi yothinana moti panalibe kosunthira, nenani zimenezo ndipo muonetse zithunzi.

Cholinga cha chipukuta misozi ndi kubwezeretsa munthu pomwe anali ngoziyo isanachitike, monga momwe ndalama ingathere, osati kumulemeretsa. Chili m'magawo awiri omwe amayendetsedwa mosiyana kwambiri. Gawo loyamba ndi la zinthu zopanda mtengo wa pamsika: ululu ndi kuzunzika, kulephera kuchita zomwe mwanayo ankachita monga kuthamanga, kusewera mpira ndi kuyenda yekha ku sukulu, zipsera kapena kutsimphina, komanso kuchepa kwa mphamvu zodzapezera ndalama akakula ngati chilemacho n'chokhalitsa. Pa High Court, woweruza akagamula kuti wolakwa ndani, nthawi zambiri amene amawerengera ndalamayi ndi Registrar (mlembi wamkulu wa khotilo) kapena womuthandizira, poyerekeza ndi zomwe ena ovulala mofananamo anapatsidwa ndiponso poganizira kugwa mphamvu kwa kwacha. Popeza ndalama yathu inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, chigamulo chakale sichingangokoperedwa momwe chilili. Chomwe chimatsogolera kuwerengeraku ndi lipoti la dokotala, choncho sungani buku la kuchipatala, zithunzi za ekisire, masiku omwe mwana anagonekedwa ndi masabata omwe anakhala m'chikhakha.

Gawo lachiwiri ndi la ndalama zenizeni zomwe zinatuluka m'thumba mwanu kapena zomwe munataya, ndipo apa ndi pomwe anthu ambiri amaluza popanda chifukwa. Lamulo limafuna kuti chilichonse chitchulidwe m'zikalata za mlandu ndipo chitsimikizidwe ndi umboni. Mankhwala ogula ku famase, ndodo zoyendera, mtengo wa lipoti la dokotala, njerwa ndi malata omangiranso khitchini, katundu wa geni yemwe anawonongeka, phindu lomwe munataya masiku omwe munali gadiyani kuchipatala, zonsezi zimafuna malisiti kapena zolembedwa. Ndikudziwa kuti wa kabaza ndi kondakitala wa minibasi sapereka lisiti. Gulani kope la sukulu, muzilembamo tsiku, komwe munapita ndi ndalama yomwe munalipira, ndipo ngati muli ndi kabuku kolembamo maoda a geni, kasungeni ngati ndalama. Kope lolembedwa tsiku ndi tsiku limakhulupirika kuposa chiwerengero chongotchula pamtima patapita zaka ziwiri.

Makolo athu ankati mlandu suwola. Pabwalo la mfumu zingakhale choncho, koma kukhoti mlandu umawola, ndipo nthawi yake inalembedwa mu Limitation Act. Milandu yambiri ya tort iyenera kuyambika pasanathe zaka 6, koma ngati dandaulo lili ndi kuvulala kwa munthu chifukwa cha kusasamala, malire ake ndi zaka 3 kuchokera pomwe ngoziyo inachitika. Lamuloli lili ndi ndime zapadera zokhudza ana, komabe langizo langa ndi lakuti muwerengere zaka 3 kuchokera tsiku lija la mu Januwale ndipo musayandikire n'komwe kumapeto kwake. Malonjezo apakamwa akuti "tikambirana mwezi ukatha" saimitsa nthawiyi, ndipo mboni nazonso zimasamuka, makamaka alendi. Mwana sasuma yekha, amasuma kudzera mwa munthu wamkulu womuimira, yemwe pano akhoza kukhala inuyo.

Sindikukulimbikitsani kuthamangira kukhoti mawa. Milandu imatenga nthawi, imadya ndalama, ndipo anthuwa mudzakhala nawo moyandikana zaka zambiri. Yambani ndi kalata yofotokoza zomwe zinachitika, zomwe zawonongeka, ndalama yomwe mukufuna ndi tsiku lomwe mukuyembekezera yankho. Kukambirana pamaso pa mfumu ya m'dera lanu kapena akuluakulu a mpingo n'kololedwa, ndipo ngakhale ku High Court, malamulo oyendetsera milandu a 2017 amafuna kuti milandu yambiri iyambe yadutsa pa mkhalapakati isanazengedwe. Khoti loyenera limadalira kukula kwa ndalama yomwe mukufuna, popeza makhoti a majisitireti ali ndi malire. Ngati simungakwanitse loya, pitani ku Legal Aid Bureau, yomwe inakhazikitsidwa ndi Legal Aid Act ya 2011 ndipo ili ndi ofesi mu mzinda muno.

Ganiziraninso komwe ndalamayo idzachokere. Pa ngozi za pamsewu zinthu zimapepukirako chifukwa Road Traffic Act imakakamiza galimoto iliyonse kukhala ndi inshuwalansi, ndipo wovulala akhoza kusumira kampani ya inshuwalansiyo mwachindunji pasanathe zaka 2, ngakhale kuti kampaniyo imalipa mosapyola malire olembedwa mu mgwirizano wa inshuwalansiyo. Pa mpanda palibe lamulo lotere, ndipo ndalama idzachokera m'thumba la munthu. Chigamulo chikapanda kutsatidwa masherifu akhoza kulanda katundu, kapena khoti likhoza kulamula kuti azilipa pang'onopang'ono. Mwini nyumba ya lendi ali ndi polipirira, ndipo ichi n'chifukwa china chomuikira patsogolo pa mlanduwu.

Chipepeso chomwe munalandira sichinatseke mlandu, ndipo pachokha si umboni wakuti avomera kulakwa, pakuti pa chikhalidwe chathu munthu amazonda wodwala ngakhale asanalakwe. Chomwe chingakumangeni manja ndi kusaina pepala lonena kuti mwalandira ndalama zakuti ndipo nkhani yatha. Musasaine pepala lotere dokotala asananene kuti mwendo wapola motani, chifukwa fupa la mwana likathyoka pafupi ndi pomwe limakulira, vuto la kufupika kapena kupindika kwa mwendo likhoza kuonekera patapita miyezi yambiri. Mukagwirizana, zilembedwe, pakhale ndalama yake, masiku olipirira ndi mboni za mbali zonse.

Simunanene ngati mpandawo unagwa wonse. Ngati pali chigawo chomwe chatsala chilili, chinamangidwa ndi manja omwewo pa maziko omwewo. Lembani kalata lero kwa alandilodi ndi alendi yowapempha kuti achigwetse kapena achikonze, musunge kope lake, lina mupereke kwa mfumu ndi ku khonsolo ya mzinda, ndipo akapanda kuchitapo kanthu khoti lili ndi mphamvu yowalamula kutero. Podikira zimenezo, sunthani mbaula, chingwe choyanikapo zovala ndi malo osewerera ana kuti zikhale kutali ndi mbali imeneyo.